Tsiku limene achimwene anatibweza pa Sapitwa

Ine ndinabadwira mmunsi mwa phiri la Mulanje lomweli, kufupi ndi Likhubula, koma mpaka mwezi wa July wapitawu ndinali ndisanapondeko pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili. Kutali kumene ndinkafika ndi pa Dziwe la Nkhalamba basi, kokasamba ndi anzanga tili ana, mwina kukwerako pang'ono kokatola nkhuni amayi akatituma. Amene ankalidziwa phirili anali malemu bambo anga. Anagwira ntchito yonyamula katundu wa alendo zaka zambirimbiri, amachoka Lolemba nkudzabwera Lachisanu mapewa atasupuka, malaya akununkha utsi wa mkungudza, mthumba muli tindalama ndi mwina chitini cha nsomba chimene azungu asiya. Ndinene chilungamo, nthawi imeneyo ntchitoyi sindinkayinyadira. Kusukulu aphunzitsi akafunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji ndinkangoti ndi mlimi. Zimenezi zimandipwetekabe mpaka pano.

Ndiye chaka chino alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, anabwera ku holide kuchokera ku Lilongwe. Iwowa ndi munthu wokonda zolimbitsa thupi, amathamanga mmawa uliwonse, ndipo anali ataona zithunzi za Sapitwa pa Facebook mpaka mtima unawavuta. Anangoti alamu, inu kwanu nkonkuno, tiyeni tikwere. Ndinavomera mosavuta, mwina chifukwa mumtima ndinkafuna kale kukaona kumene bambo ankathera masiku awo.

Wotiperekeza sitinavutike kumupeza. Alipo bambo wina mmudzi mwathu amene malemu bambo anayamba kumutenga ali kamnyamata, kumunyamulitsa mapoto ndi ufa, pano ndi gaidi wodziwika ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula paja. Si m'bale wathu wamagazi koma kwathu timawatcha achimwene, iwo amanditcha achemwali, amayi amawatcha mwana wanga. Atabwera kudzakambirana za ulendo sanayambe ndi mtengo ayi. Anayamba ndi kuona nsapato zathu, kuzitembenuza nkuyang'ana kunsi kwake, kenako anafunsa ngati tili ndi majekete oti mvula siyilowa, tochi, ndi chipewa chofunda. Alamu anaseka nkuti dzuwa lonseli jekete yachani. Achimwene anangoti, tengani bwana, ikakulemerani ndinyamula ndine.

Tsiku loyamba tinalembetsa maina pa ofesi, nkukwera njira ya Skyline kupita ku Chambe. Njira imeneyi ndi yoimirira, ngati masitepe osatha, ndipo chimene chinandigwira mtima nchoti ifeyo tikupuma wefuwefu ndi tizikwama tathu, azimayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ena osavala nsapato, nkumatipatsa moni bwinobwino ngati akuyenda pa msika wa Chitakale. Mmbali mwa phiri mukuonekabe zipsera za namondwe wa Freddy, mizere italiitali pamene nthaka ndi miyala zinakokoloka mu March 2023, anthu akwathu amati Napolo anadutsa. Achimwene anatiuza kuti kuchokera nthawi imeneyo malo ena anachita kuwaphunziranso, chifukwa mwala umene unkaudziwa ngati chizindikiro unapita ndi madzi.

Usiku umenewo mu nyumba ya alendo ya Chambe, tikuotha moto umene alonda anatikolezera, alamu anayamba kusimba za phiri lina la ku Ulaya lotchedwa Matterhorn, limene amalionera pa YouTube mpaka data kutha. Lili mmalire a Switzerland ndi Italy, kutalika kwake mamita 4,478, chosongoka ngati dzino la galu. Anatiuza kuti ambiri amene amakwera kuchokera ku tauni ya Zermatt amakagona pa nyumba yotchedwa Hörnli, imene ili pa mamita 3,260, ndiye tangoganizani pogona pawo pokha ndi pamwamba kuposa Sapitwa yathu ya mamita 3,002. Amanyamuka kudakali mdima ndi matochi a pamutu, gaidi mmodzi mlendo mmodzi, atamangana chingwe mchiuno, kumapazi atavala zitsulo zamano zopondera pa ayezi. Ndiye pali kanyumba kena kothawiramo pangozi kotchedwa Solvay, pa mamita 4,003, ndipo ngati mlendo akuchedwa kufika pamenepo gaidi amangomuuza kuti tibwerere, zatha, olo munthu walipira ndalama zochuluka bwanji. Alamu amasimba maso ali gwa, nkumati anthu aja ndi akatswiri, sasewera ndi moyo. Anawonjezanso kuti anthu oyamba kufika pamwamba pake, gulu la Edward Whymper pa 14 July 1865, anakwera asanu ndi awiri koma anayi anafa potsika, mmodzi ataterereka nkukoka anzake, chingwe nkuduka. Achimwene amangomvetsera akutakasa nsima. Anangofunsa funso limodzi, kuti anafa pokwera kapena potsika? Alamu anati potsika. Iwo anangogwedeza mutu.

Ine nkhani ya zingweyo inandikumbutsa khoma la Chambe, lija timaliona tikamayenda pa msewu wopita ku Phalombe, mwala umodzi woimirira kuchokera pansi mpaka kumitambo. Ndakhala ndikuliona moyo wanga onse ngati mmene munthu umaonera khoma la nyumba yako, osadziwa kuti ndi pafupifupi mamita 1,700 ndipo okwera miyala amati ndi khoma lalitali kwambiri lokwera ndi zingwe mu Africa muno. Achimwene anati anawaperekezapo alendo otere mpaka patsinde pake, kuwanyamulira zingwe ndi tizitsulo tawo tolowetsa mming'alu, ndipo ena amagona pakhoma pomwepo usiku chifukwa tsiku limodzi silikwana. Iwowo sanakwerepo mbali imeneyo, anati zida zake nzodula komanso zimafuna maphunziro ake, koma mmene amanenera ndinaona kuti akanapatsidwa mpata akanaphunzira.

Tsiku lachiwiri tinayenda kuchoka ku Chambe kupita ku Chisepo, kanyumba kamene kali mmunsi mwenimweni mwa Sapitwa, pafupifupi mamita 2,200. Ulendo wake ndi wokwera nkutsika, udzu, timitsinje tamadzi ozizira oti mano kuwawa. Mikungudza yeniyeni imene bambo ankanena ndinangoona zitsa zake. Apa sindikhalitsapo, ndi nkhani ina yowawa payokha.

Tsiku lachitatu ndi limene ndikufuna ndikuuzeni bwinobwino. Tinadzuka cha mma 5, kumwa tiyi ndi mbatata, nkuyamba. Kumwamba kunali koyera, nyenyezi zikuoneka zonse. Mukangochoka pa Chisepo pang'ono mumakumana ndi matanthwe osalala opendekeka, oti umakwera ndi manja ndi miyendo yomwe, palibe chogwira koma timing'alu ndi tizitsamba tomera pamwala. Pamiyala anapakapo penti yofiira apo ndi apo yosonyeza njira. Kukauma nsapato imagwira bwinobwino chifukwa mwala wake ndi wokhakhala, ndiye alamu anali patsogolo kuthamangira, achimwene nkumawaitana kuti bwana tiyendere limodzi. Kenako mumalowa mmalo a miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana, pena kukwawa pansi pake ngati mbewa ku una, chikwama kuchivula nkuchikankha patsogolo, pena kudutsa mu timitengo tokhotakhota todzadza ndi ndele zolendewera ngati ndevu za nkhalamba. Ukaona nsonga nkumati tafika, ukafikapo nkupeza kuti kuseri kuli inanso.

Titayenda maola ngati atatu, achimwene anaima. Sanalankhule kaye. Anayang'ana mbali ya ku Mozambique nthawi yaitali ndithu, kenako anagwada nkuyika chikhatho pamwala, nkuchiyang'ana, nkupukutira pa thalauza. Ine ndinayang'ananso komweko, ndinangoona kamtambo koyera kakang'ono katagona pakati pa nsonga ziwiri, kooneka kosalakwa. Mphepo inali itasintha pang'ono, yozizira mwina, koma sindikanazindikira akanapanda kuima iwo. Ndiye anati, achemwali, bwana, lero tathera pano, chiperoni chikubwera.

Alamu zinawanyansa heve. Anati pamwamba ndi apo tikupaona, ola limodzi silikwana, dzuwa likuwala, inu mwangotopa kapena mukufuna tiwonjezere tsiku kuti ndalama ichuluke. Anati talipira kuti mutifikitse pamwamba osati pakati. Mawu amenewa anandilasa ine kuposa mmene anawalasira achimwene, chifukwa ndinaona bambo anga ataima pamenepo akuuzidwa zomwezo ndi munthu wovala nsapato zodula. Achimwene sanakweze mawu. Anati bwana, ndalama yanu ngati mukuifuna ndikakubwezerani yonse tikafika pansi, koma pansipo tikafike kaye tonse atatu. Atatero anatembenuka nkuyamba kutsika, nkundigwira dzanja. Alamu anaima kanthawi, kenako anatitsatira akung'ung'udza.

Sipanathe mphindi makumi awiri. Nkhungu inangotikuta ngati munthu watiponyera bulangete lonyowa, kutsogolo osaona olo mamita asanu, kamvula kaja kowaza kopanda phokoso nkuyamba, ndipo kuzizira kwake zala zinauma moti zipi ya jekete ndimalephera kukoka. Jekete ija alamu ankaikana anaipempha okha. Penti yofiira ija inasowa, umayenera kufika pamwala penipeni kuti uyione, ndipo mbali zonse zimangofanana, kumene tachokera ndi kumene kuli phompho osasiyanitsa. Apa mpamene ndinaona ntchito ya munthu uja. Amayenda masitepe angapo, kuima, kutiyitana, ife nkufika, iye nkupitanso. Pena amagwira mwala nkunena kuti ayi si uwu, nkubwerera mmbuyo pang'ono nkupeza wake. Titafika pa matanthwe osalala aja zinthu zinali zitasinthiratu, mwala umene mmawa unkagwira nsapato tsopano unali ngati wapakidwa sopo, madzi akuyenderera pamwamba pake. Anatiuza kuti tikhale pansi titsike chokhala, iwo anatsogola chafufumimba nkhope atayang'ana kwa ife, ndipo phazi langa lililonse amaligwira ndi dzanja nkuliyika pamene pali kang'alu, nkunena kuti pondani apa achemwali, musayang'ane kumbali, yang'anani ine. Akanditsitsa ine pamalo abwino amakweranso kukatenga alamu chimodzimodzi. Tanthwe lililonse iwo analiyenda katatu. Pena alamu anaterereka ndithu, thupi lonse kuyamba kutsetsereka, achimwene anawatchinga ndi phewa bondo lawo nkukhulika pamwala mpaka magazi, koma sananene kanthu, anangoti tiyeni.

Tinafika pa Chisepo cha mma 3 masana titanyowa mpaka mkati, milomo ikunjenjemera. Alonda a pamenepo, bambo achikulire, anali atakoleza kale moto waukulu ndi kuteleka madzi, anati nditaona nkhungu ndinadziwa kuti mwana uyu awabweza. Tikumwa tiyi anatikumbutsa nkhani zimene aliyense wa kuno amazidziwa. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha kulowera ku Sapitwa ndipo mpaka lero sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza nkupitiriza yekha, nyengo inasintha, anthu anamusaka kwa masabata mpaka anakamupeza atamwalira. Dzina lenilenilo la Sapitwa likunena kale, ndi kosapitidwa. Agogo athu ankati kumeneko nkwa mizimu, ukapeza chakudya chokonzakonza pamwala udye wekha osaitana mnzako, ukalankhula zachipongwe susowa chokuchitikira. Ndinawafunsa achimwene ngati amakhulupirira zimenezi. Anati za mizimu ine sinditsutsa akuluakulu, ndipo phirili ndimalipatsa ulemu, koma chimene ndachiona ndi maso anga chikupha munthu kuno ndi nkhungu, kuzizira ndi kukanika.

Usiku umenewo ndinalephera kudzigwira. Alamu ndi munthu amene ndimamulemekeza, koma ndinawauza pamaso pa onse kuti alamu, dzana lomweli munkatisimbira za magaidi a ku Zermatt kuti akabweza mlendo ndiye ukatswiri, sasewera ndi moyo. Nanga bwanji wakwathu atakubwezani mwati ndi ulesi ndi dyera? Kusiyana kwake nchiyani, khungu kapena mtengo wa jekete? Ndikudziwa kuti Sapitwa si Matterhorn, kuno kulibe ayezi wokhalitsa, sitimangana zingwe, munthu wamphamvu zake nyengo ili bwino amakwera nkutsika tsiku limodzi. Koma chimene mlendo amagula kwa gaidi kuno ndi uko nchimodzi, ndi maso a munthu amene waliona phirilo kambirimbiri likusintha nkhope, woti atha kukuuza kuti ayi pamene iwe mtima wako ukuti inde. Katundu aliyense wamphamvu atha kunyamula. Njira olo foni ikhoza kukuwonetsa kukakhala koyera. Koma kuyika dzanja pamwala nkudziwa kuti pakutha theka la ola pakhala poterera, zimenezo sizili mu foni.

Ndipo chimandiwawa nchoti ife eni ake ndi amene timawapeputsa kwambiri anthu amenewa. Mzungu akabwera amafunsa, amamvera, pena amalemba ndi mu kabuku. Ife a konkuno timafika ndi mtima woti ndi phiri lakwathu, gaidi ndi wongonyamula chikwama, timanenerera mtengo mpaka munthu kuvomera ndalama yosakwana ndi thumba la ufa lomwe, kenako tikafika pamwamba chithunzi timajambulitsa tokha iye ali kuseri kwa kamera. Chaka chilichonse timawaonerera pa mpikisano wa Porters Race akuthamanga kukwera ndi kutsika phirili ngati agwape, timawaombera mmanja tsiku limenelo, mawa lake tayiwala. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, tinasangalala tonse, koma amene amadziwa kuti mtsinje uti suwolokeka mvula ikagwa kumtunda, phanga liti mungabisalemo anthu asanu, ndi anthu omwewa ovala nsapato zakaunjika zong'ambika.

Alamu sanayankhe. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana moto, kenako anadzuka nkukatenga kabokosi kawo ka mankhwala, nkugwada kutsuka bondo la achimwene lija ndi kulimanga bandeji. Anati achimwene pepani, ndinalankhula mopusa. Kanali koyamba kuwatcha achimwene, masiku onsewo ankangoti agaidi. Iwo anati palibe kanthu bwana, mawu a akulu akoma akagonera, tigone tione mawa.

Chiperoni pena chimakhala masiku atatu anayi osachoka, ndiye tinagona tikudziwa kuti mwina basi tibwerera osafika. Ufa unali utatsala wa tsiku limodzi, ndiwo ndi tisoya pang'ono ndi usipa. Koma cha mma 4 achimwene anatuluka panja, anakhalako kanthawi, nkubwera kudzatigwedeza kuti dzukani, lero latilola. Anatidikiritsa mpaka dzuwa litawomba pa matanthwe kuti aumeko, kenako tinakwera njira yomwe ija, miyendo ikuwawa ndi za dzulo. Alamu ulendo uno anali pambuyo pa achimwene phazi ndi phazi. Titadutsa pamene tinabwererera paja ndinaona kuti ola limene alamu ankanena silinali ola, panali kukwawa kwina pansi pa miyala ndi kukwera kwina koti munthu akukankhe kumbuyo, tinatenga pafupifupi maola awiri. Tikanapitiriza dzulo lake nkhungu ikanatipeza pamenepo.

Pamwamba pali kachipilala ka simenti basi, ndi mphepo yoti ukaimirira osagwira kanthu imakukankha. Koma kuona kwake abale. Chigwa chonse cha Phalombe chili pansi ngati mphasa, nyanja ya Chilwa ikunyezimira chakumpoto, mapiri a ku Mozambique mbali inayi, minda ya tiyi yobiriwira ngati wina wayala nsalu, ndipo nsonga zina zonse za Mulanje zimene kumudzi timaziona ngati zafika kumwamba zinali mmunsi mwathu. Ndinalira, osati pang'ono. Achimwene anandisiya ndilire, kenako anandiitana nkundionetsa kamwala kena kobisika ku mphepo chakumunsi pang'ono kwa chipilalacho. Anati madala ankakhala apa alendo akamajambula zithunzi, amatulutsa chinangwa chophika mthumba nkundigawira, ndipo ndi pomwepa anandiuza kuti ukafika pamwamba usamasangalale kwambiri, wayenda theka lokha. Ndinakhala pamwala umenewo mphindi zingapo. Alamu anatijambula ine ndi achimwene titakhala pamenepo, ndipo chithunzi chimenecho ndi chimene ndachiika pa foni yanga.

Sitinakhalitse, anati mphindi makumi awiri zakwana, tiyeni kudakali koyera. Tinagonanso pa Chisepo, mawa lake nkutsika mpaka ku Likhubula, mawondo akunjenjemera ngati a mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Alamu anapereka ndalama imene tinagwirizana, nkuwonjezera ya tsiku lija tinabwerera ndi ina pamwamba, nkuvula nsapato zawo zokwerera mapiri zija nkuwapatsa, iwo nkubwerera kunyumba atavala masilipasi.

Amayi titafika sanafunse za pamwamba. Anafunsa ngati mwana wawo anadya mokwanira kuphiriko, ndiye anamupakulira nsima ndi nkhwani wotendera mbale yodzadza. Mmawa wake cha mma 6 ndikusesa pabwalo miyendo ikukanika kupinda, ndinawaona achimwene akudutsa pa msewu ndi alendo awiri achizungu, chikwama chachikulu kumsana, bandeji ija ikuonekera pa bondo, nsapato za alamu kumapazi. Anakweza dzanja nkukuwa kuti mwadzuka bwanji amayi, tikaonana Lachisanu, nkukhotera njira ya ku Chapaluka.